Nsofwa ndi Dzuwa la Lachisanu

Nkhani ya Nsofwa Mutale yazungulira kale Kabwata yonse kuno ku Lusaka, koma anthu akuikhotetsa. Ena akuti anagwa pa njinga yamoto, ena akuti apongozi ake anamuthira madzi pageti. Bodza lokhalokha limenelo. Khalani pansi mumve mmene zinayendera.

Nsofwa amagulitsa zitenje m'shopu ina ya holoselo ku Kamwala, zija umalowa chammbali chifukwa mabelo afika mpaka pakhomo. Kwawo ndi a Pentekoste, ndipo iye ndi uja wa m'kwaya amene amavina mpaka duku kugwa. Ndiye mtima, inu! Anyamata onse a kutchalitchi kwawo anawadumpha, n'kukagwera Wisdom Ng'andu wa ku Woodlands, mwana wa Sabata weniweni, wosamwa ngakhale tiyi wamasamba. Wisdom alibe vuto, ndi wofatsa mpaka kukwiyitsa. Vuto ndi amayi ake, Ba Eness.

Ba Eness anali nesi. Ntchito anapuma, koma maso aunesi sanawapumitse. Akakuyang'ana umamva ngati akukuyeza malungo. Iwowo ali ndi lamulo lawo: mtsikana amene mwana wawo akumufuna abwere Lachisanu adzatsegule nawo Sabata. Dzuwa likamalowa akhale ali kale m'nyumba, wagwada ndi banja lonse. Ndipo amanenetsa kuti Sabata lisamupeze munthu ali pampando wolipira, kaya wa basi kaya wa takisi. Mtsikanayo akakhoza, Lamlungu lake amalume a mnyamata anyamula mbale za insalamu, zija amapita nazo kwa makolo a mkazi pokapempha ukwati. Akalephera, mbale zibwerera m'kabati.

Musaganize kuti n'zoopseza chabe. Chaka chatha kunabwera Chloe wa ku Kabulonga, chibwenzi cha Hector, mkulu wake wa Wisdom. Anafika chisisira chitagwa, pa takisi, atanyamula keke yogula panjira, n'kumalipira dalaivala pageti penipeni nyimbo ili mkati. Ba Eness anatuluka, anamupatsa moni bwinobwino, anafunsa za kunyumba, kenako anauza dalaivala kuti asapite kaye. Chloe anabwerera pa takisi yomweyo, keke ili pamiyendo. Mpaka lero Hector akudyabe kwa amayi ake.

Nsofwa ankazidziwa zonsezi, ndipo anakonzeka mlungu wathunthu. Ndolo anavula Lolemba. Zikhadabo zomatira anazichotsa mpaka zala kutupa. Diresi lalitali lofika m'mapazi anabwereka kwa mkulu wake. Amayi ake nawo, osatha kusunga nkhani, anali ataimbira kale azakhali awiri a ku Kitwe, ndipo azakhaliwo anali m'basi kubwera kudzalandira mbale Lamlungu.

Chinthu chimodzi chokha sanafunse. Wisdom anangoti, "Ufike dzuwa lisanalowe," ndipo m'mutu mwa Nsofwa dzuwa limalowa 6 koloko, 18 awazi monga timanenera kuno, chaka chonse. Ndani wa Pentekoste amayang'ana dzuwa? M'shopumo mulibe ngakhale windo. Iye anawerengera kuti aweruka 5 koloko, ola lathunthu lilipo, ndipo Woodlands si kutali.

Kutatsala mphindi khumi kuti 5 koloko ikwane, munalowa mayi wina wachikulire, akupuma mwawefuwefu. Analoza chitenje osasankha n'komwe.

"Dulani fasiti, mwana wanga, nikali na ulendo wa ku Chunga. Sabata izanipeza mu njila."

"Nthawi ikalipo, ba mami," anatero Nsofwa akufuna sizasi. "Dzuwa ni 18 awazi."

"Ndani anakunamiza? Lelo ni 17:42."

Nsofwa anaseka. Mayiwo sanaseke. Anatsegula chikwama, anatulutsa Baibulo, m'Baibulomo anasololamo kapepala kokutha m'mbali. Panali madeti a Lachisanu lililonse la chaka, lililonse ndi nthawi yake. Anaika chala pamzere wina.

"Ino ni Juni, mwana wanga. Mu mphepo dzuwa ligona msanga."

Sizasi inagwa pansi. Mphindi khumi ndi zisanu ndi zitatu zinangosowa choncho, ngati munthu wazisolola m'thumba pa City Market.

Beatrice, mnzake wa m'shopu, amene amadziwa nkhani yonse mpaka mtundu wa mbale, anagwira pakamwa. "Mayo! Iwe Nsofwa, uzankhala Chloe namba thu."

"Osakamba so! Ba bosi, nipempha nichoke manje manje."

Bosi sanadzutse ngakhale mutu. Patsogolo pawo panali azimayi asanu ndi mmodzi a komiti ya kitcheni pate, phwando lija lolangiza mkwatibwi, akukangana ngati avale chitenje cha nthenga za nkhanga kapena cha maluwa achikasu. "Tsitsa belo ija ya pamwamba baone," anatero bosi. "Ukasiliza uyende."

Anakwera pa makwerero ndi diresi la eni ake, anatsitsa belo. Azimayi aja analitambasula, analiyang'ana, mmodzi anati limakalambitsa. Anabwerera ku nkhanga zomwe zija. Nsofwa potuluka pakhomo foni inkati 17:04.

Kunja kunali Kamwala wa Lachisanu madzulo, amene amamudziwa amudziwa. Mawilibala, matumba pamutu, anthu otseka mashopu, magalimoto atalumana mphuno ndi matako osasuntha. Dzuwa linali lakhala kale pamwamba pa nyumba zazitali za m'tauni, lofiirira, likumuyang'ana.

Beatrice anamutsatira mpaka pakhonde. "Kwela njinga yamoto, iwe. Izo zili apo."

"Na dilesi iyi? Nifike kwa apongozi nili tang'a, tsitsi lili mwamba? Awe."

"Manje uzambululuka?"

Nsofwa anatsegula foni kuitana takisi. Kagalimoto ka pafoni kanaoneka kali ku Longacres, kakuzungulira pamalo amodzi ngati nyerere yosokera. Mphindi 16 kuti kafike. Akuyang'ana choncho zinasanduka 19. Dalaivala anaimba yekha. "Madamu, kuno ni jamu yoipa. Kanselani chabe." Kuyenda pansi? Anayesa kuwerenga m'mutu, anapeza kuti angafike anthu atadya kale.

Ndiye anamva kukuwa kutsidya kwa msewu. "Woodlands! Woodlands, Chilenje! Umozi chabe tiyende!"

Minibasi inali yodzaza ndithu, mitu ikuoneka m'mawindo monse, injini ikulira. Nsofwa anati Mulungu wayankha. Anawoloka osayang'ana, anadzipanikiza pampando wakumbuyo, analipira. Atangokhazikika, mwamuna amene anali pambali pake anadzuka n'kutsika. Kenako wina. Kenako atatu a kutsogolo. Anali ma ngwangwazi, aja oitanira anthu, amene amakhala m'basi kuti ioneke yodzaza. Nsofwa, mwana wobadwira mu Lusaka, amene amaseka anthu a kumudzi akagwa m'msampha umenewu! Mipando isanu inali mbee.

17:12.

"Ba kondakita, napapata, tiyeni. Tizanyamula bena mu njila."

"Sisi, basi siyenda na mapemphelo. Iyenda na bantu."

"Nili na ngozi."

"Ngozi ya bwanji? Mwavala monga muyenda ku ovanaiti."

M'basi anaseka. Bambo wina wa tayi anati, "Ni mwamuna uyo. Mkazi akatuluka thukuta so, ni mwamuna." Anasekanso. Nsofwa anatsegula windo, anatulutsa mutu, ndipo ndi mawu ake aja a m'kwaya anayamba kukuwa yekha.

"Woodlands! Woodlands! Bwelani, ba mami, malo alipo! Ba tate, Chilenje iyi!"

Ma ngwangwazi anaima kumuyang'ana kukamwa kuli yasa. Wina anati akuwalanda ntchito. Koma anthu anabwera, inu. Anayi analowa, wachisanu anali mayi wa dengu la tomato amene anatenga chaka kuti alikweze. Basi inanyamuka 17:19.

Inayenda bwino mpaka kulowa mu Burma Road. Pamenepo inaima. Magetsi anali atapita, maloboti onse akuda, ndipo aliyense ankafuna kudutsa nthawi imodzi. Basi inkasuntha kutalika kwa chitenje chimodzi, n'kuima. Chitenje china, n'kuima. Munthu wogulitsa machaja pamsewu anawapitirira wapansi, anabwerera, anawapitiriranso.

Foni inalira. Wisdom.

"Uli kuti? Mami bayamba kugawa mabuku ya nyimbo."

"Bwanji sunaniuze kuti ni 17:42?"

"Ah, aliyense aziba."

"Aliyense wa kwanu! Ine nizibila kuti?"

"Manje uli kuti?"

Nsofwa anayang'ana pawindo. Patsogolo pang'ono pankaoneka mafulati a Kabwata, kwawo kwenikweni, zovala zili pazingwe. Akanatha kutsika n'kukadzitsekera kuchipinda. Koma m'nyumbamo amayi ake anali akukolopa chifukwa cha alendo a Lamlungu, ndipo azakhali anali penapake kupitirira Kabwe, akukambirana zoti adzavale.

"Nibwela," anatero, n'kudula.

17:28. Anagogoda denga la basi. "Niseluka!"

"Ndalama sibwelela, sisi."

"Dyani!"

Anatsika pakati pa magalimoto. Pambali pa msewu panali njinga yamoto, mwini wake bambo wa ndevu za imvi, atavala jekete lowala lolembedwa dzina kumsana: Matthew. Njinga ngati zomwe zija anazikana pamaso pa Beatrice. Tsopano anaithamangira ngati mbale wake.

"Ba Matthew, Woodlands, kupitilila stediyamu. Mphindi zingati?"

Bamboyo anayang'ana msewu, anayang'ana diresi. "Fifitini."

"Nili na thatini."

"Ninshi mwachedwa kale na ziwili. Kwelani."

Anawapatsa ndalama asanakwere, kuti za Chloe zolipira pageti zisamuchitikire. Anakwinya diresi mpaka m'mawondo, anakulunga chitenje pamwamba, anavala chisoti chonunkha mafuta a mitu ya anthu ena, n'kukwera tang'a, tsitsi lomwe analipesa ola lathunthu litaphwanyika mkati.

Ba Matthew amayendetsa, abale. Analowa pakati pa basi ndi lole pomwe ngakhale mphaka angaganize kawiri. Anakwera m'mbali mwa msewu, anadutsa pafumbi, anabwereranso patala. Nsofwa anatseka maso, anapemphera m'malilime, kenako anakumbukira kumene akupita n'kusintha kuyamba kupemphera mwakachetechete. Atatsegula maso anaona kagalasi ka njinga. Dzuwa linali mmenemo. Linali kumbuyo kwawo, lofiira ngati tomato wa mayi uja, theka litamira kale kuseri kwa tauni. Akakhota linkasowa, akawongola linkabwera, litachepa.

Pa raundabauti ya Kabwata wapolisi anakweza dzanja. Mbali yawo iime. Anaima. Wapolisiyo anadutsitsa mbali ina, magalimoto makumi angati kaya, akuimba wezulo mosafulumira ngati ali paukwati.

"Pitani chabe," ananong'ona Nsofwa.

"Anilande njinga? Muzanidyetsa imwe?"

17:36. Foni inanjenjemera m'dzanja. Uthenga wa Wisdom: "Ukachedwa bwela chabe na njinga mpaka pa kona, mami sibazaona. Jesse azakutsegulila ka geti ka kumbuyo. Nabauza kuti unafika kudala mu Woodlands koma wasoba nyumba." Jesse ndi mlongo wake wa Wisdom.

Dzanja la wapolisi linatsika. Ba Matthew anaiputa njinga mpaka inalira ngati mwana. Mitengo, mipanda, anthu, zonse zinkangodutsa. 17:39. 17:40. Nsofwa maso anali pa zinthu ziwiri zokha, foni ndi kagalasi. M'kagalasi munatsala kachidutswa ngati chikhadabo. Mpanda wa stediyamu unaoneka patsogolo. 17:41.

Atayang'ananso, m'kagalasi munali kufiira kokhakokha. Dzuwa mulibe.

Misozi inadzaza m'chisoti. Zatha. Koma njira ya Wisdom inalipo, yosavuta: mphindi zitatu panjinga, kutsika pakona, kulowa chakumbuyo, kunena kuti anasokera. Anaganiza za maso a Ba Eness ali pa iye pamene akunena bodzalo. Anaganiza zoti ukwati wake wonse udzakhale wolowera ku geti la kumbuyo, iye ndi Wisdom akunong'onezana. Ndipo mpando umene anakhalapowo unali wolipira.

Anamenya phewa la Ba Matthew. "Imani!"

"Kwatsala pang'ono chabe, madamu!"

"Nakamba imani!"

Njinga inaima mwadzidzidzi. Nsofwa, wosazolowera, anatsikira kumanja. Katumba ka mwendo kanakhudza paipi ya utsi. Kunamveka tswii, ndipo kukuwa kwake kunadzutsa agalu a m'mipanda itatu.

"Ooh! Timaselukila ku manzele, madamu!" Ba Matthew anatsika, anawerama kuyang'ana. Khungu linali litayera kale, lozungulira ngati pakamwa pa kapu. "Iyi ni yoipa. Kwelani nikufikitseni, simungayende so."

"Awe. Dzuwa langena."

"Oho, ndimwe ba Sabata."

"Sindine."

"Manje muvutikila chani?"

Nsofwa anawabwezera chisoti, anavula nsapato, anayamba kuyenda.

Mphindi zitatu za njinga ndi ulendo ukamayenda ndi mwendo umodzi. Chitenje chikakhudza bala ankaona nyenyezi. Akachikweza, anthu a m'magalimoto ankamuyang'ana. Mphepo ya Juni inayamba kuluma, mamina akutuluka, tsitsi lili ngati chisa. Foni inalira kanayi, sanayankhe. Pofika pageti lakuda la kwa Ng'andu anayang'ana nthawi: 17:58. Dzuwa likanakhala lomvera Nsofwa, bwenzi atafika nthawi yabwino ndi mphindi ziwiri zapadera.

M'nyumba ankaimba, mawu anayi osakanikirana bwino, opanda ng'oma. Kumbali kwa mpanda kageti kakang'ono kanatseguka, Jesse anasuzumira. "Psst! Ba Nsofwa! Kuno, fasiti, bakalibe kupemphela!"

Nsofwa anapukusa mutu. Anakhala pansi pa kamlatho ka simenti kapageti lalikulu, mwendo atautambasula, akulira mopanda mawu. Anadikira nyimbo ithe. Anadikira pemphero, ndipo pemphero la Ba Eness si la munthu wofulumira. Atamva ameni, anatola kamwala n'kugogoda.

Anatsegula ndi Ba Eness eni ake, atavala zoyera, magalasi ali pamphuno. Wisdom anali kumbuyo kwawo, akumupangira Nsofwa zizindikiro ndi maso. Nsofwa anagwada. Bala linakhudza chitenje, analuma mlomo.

"Mwachedwa," anatero Ba Eness.

"Nachedwa, ba mami."

"Wisdom akuti munasoba nyumba."

"Sininasobe. Nyumba niiziba. Nenze kuganiza kuti dzuwa lingena 18 awazi. Sininafunse."

Wisdom anayang'ana kumwamba ngati kukugwa ndege. Ba Eness sanatembenuke.

"Sabata inakupezani kuti?"

"Pa stediyamu. Pa njinga yamoto."

"Njinga ili kuti?"

"Ninaseluka pamene apo. Nabwela na mendo."

Ba Eness anatsitsa maso. Anayang'ana mapazi afumbi, nsapato m'manja, ndi mmene anagwadira mopendekera. Maso aunesi aja.

"Onetsani mwendo."

Nsofwa anakweza chitenje pang'ono. Ba Eness anawerama, anakonza magalasi.

"Mwapakapo chinthu? Mankhwala ya mano? Mafuta?"

"Awe."

"Chimozi mwachita bwino. Imani. Jesse, mpando ku pompi! Wisdom, choka apo, iwe na ine tizakamba za boza yako Sabata ikasila."

Umo ndi mmene Nsofwa analowera kwa Ng'andu, pageti lalikulu, atatsamira phewa la Ba Eness. Anamukhazika pa mpope wa panja, madzi ozizira akuyenderera pabala. Mtima unayamba kubwerera m'malo. Anaganiza kuti mwina, mwina.

"Mbale siziyenda pa Sande," anatero Ba Eness akupukuta manja.

"Ba mami, ba anti banachoka kale ku Kitwe..."

"Nakamba kuti munthu ankhale mu nyumba dzuwa likangena. Simunalimo. Nikasintha lelo, mailo Hector azaniletela Chloe."

Nsofwa anawerama. Misozi inasakanikirana ndi madzi a pampope. Adzawauza chiyani amayi ake? Azakhali aja, amene amakumbukira cholakwa cha munthu mpaka pamaliro ake?

Ba Eness analowa m'nyumba. Anatuluka ndi bandeji, ndi kapepala ngati ka mayi wa ku Chunga uja, koma katsopano. Anakaika m'dzanja la Nsofwa, chala chili pamzere wotsatira.

"Chisanu chibwela ni 17:43. Mwapatsidwa mphindi imozi. Osaiseweletsa."

Chloe sanapatsidwe kapepala, zimenezo muzidziwe.

Azakhali anafika, anamva, anakwiya, anadya nkhuku yomwe inagulidwira alendo, Lolemba anabwerera ku Kitwe. Mmodzi mpaka lero sayankha foni ya amayi a Nsofwa. Nsofwa anagwadira bosi kuti Lachisanu azichoka 3 koloko, m'malo mwake azibwera Lamlungu kudzasanja mabelo, ndiye kwaya yamutaya. Lachisanu lotsatira anakwera basi yopanda anthu, anaidikira mpaka idzaze, osadandaula, anafika kwa Ng'andu dzuwa likadali m'mwamba, mpaka Ba Eness anamupatsa anyezi kuti asende. Mbale zinabwera mlungu umenewo, ndipo anazilandira amayi ake ndi amalume amodzi a ku Chelstone amene anaitanidwa mothamanga.

Kapepala kaja anakamata pakhoma la shopu, pafupi ndi pamene amapachika sizasi. Chipsera chilipo, chozungulira, pa katumba ka kumanja. Mukamuona pa Kamwala musamufunse, amakwiya.